Lachitatu Kuchokera Pansi

"Ndilembe dzina loti ndani, bambo?" anafunsa mtolankhani osadzutsa mutu. Chiyambire m'mawa ankasayina mabuku ake a mbiri yakale m'sitolo ya mabuku, dzanja mpaka kuchita dzanzi.

"Munalilemba kale. Tsamba 88, lachitatu kuchokera pansi."

Apo ndiye anayang'ana. Mkulu wa jekete lothetheka anali atamuikira patebulo buku loyamba la mtolankhaniyo, lonena za mgodi wa malasha umene unagumuka zaka makumi anayi zapitazo. Tsambalo mtolankhani ankalidziwa pamtima: linali la mayina a anthu amene anatsalira pansi. Mayinawo anawatolera yekha, khomo ndi khomo, kwa amayi amasiye.



"Pepani, bambo, ndinakuphani muli moyo. Tikamasindikizanso ndilichotsa."

"Ayi, mwana wanga, musalichotse. Akampani anakana kuti ndinalowa nawo tsiku lija. Ndinu nokha amene munandiwerenga."

Mtolankhani anawerama n'kusayina. Podzutsa mutu anapeza mzere wasendera, mkulu uja palibe. Buku linali pomwepo, ndipo pa dzina lachitatu panadinda chala chakuda bii ndi malasha.