Zingwe za Jombo

Sajeni anachenjeza ndithu, asilikali omanga milatho akukwera boti kukapulumutsa anthu kumadzi osefukira, kudziko la eni kuja: "Masulani zingwe za jombo, anyamata! Madzi awa si akwanu."

Wamtali, mmodzi wa asilikaliwo, amakumbukabe mpaka lero kuti iye anamasula. Koma mnzake Chibwano, mwana wosamva, anangoseka. "Atsikana akuno atione ngati akaidi?"

Pakati pa mtsinje, chimtengo chokokoloka chinagunda boti, linagadabuka. Wamtali anapalasa miyendo, jombo zinavuka zokha. Anamugwira mnzakeyo pakolala.

"Achimwene, zikundikokera pansi!" anakuwa Chibwano, dzanja likufufuza mfundo m'madzi amatope.

Wamtali anakoka, mayo ine, anakoka ndi mphamvu zonse. M'manja mwake munangotsala kolala yokha.