Magetsi Othawa Masana

Chingwe cha jenereta chinali chitamutupitsa kale phewa mayi wina wosoka zovala. Anachikokanso. Injini inatsokomola kawiri n'kuzima. Koma kusiya sakanasiya: mufiliji munali mankhwala a shuga a amuna ake, ndipo mankhwalawo akatenthedwa ndiye kuti atha ntchito.

Chomuwawa n'chakuti padenga panali masola atsopano, amene anagula kuti apume ku utsi ndi petulo. Koma madzulo alionse pochokera kushopu ankapeza batire itafooka, filiji ili chete.

Wamagetsi anabwera kangapo, nthawi zonse m'mawa. Anapukuta fumbi pamasolawo, anawapendeketsa kuti ayang'ane dzuwa bwino, anasintha mawaya, anadulitsa nthambi imene inkatchinga. Ulendo uliwonse ankati moto ukulowa ngati madzi a pampopi. Pomaliza anafunsa ngati pali wina amene amaudya masana.

Apa mayiyo sanafunikire kuombeza. Masana pakhomo pankatsala anthu awiri: amuna ake, amene mawondo anali atayamba kuwavuta, ndi mlamu wake wosagwira ntchito, amene mathalauza ake ankakhala akuthwa ngati lumo. Amuna akewo sakanawononga kanthu. Anali osamala zinthu mpaka kutopetsa. Wailesi ankaifunditsa nsalu, njinga ankaisuntha kutsata mthunzi, ngakhale bulangete lawo madzulo linkamveka fungo la dzuwa. Mlamuyo analumbira kuti simbi yamagetsi saikhudza, koma wakuba anavomerapo liti?

Tsiku lina mayiyo anatseka shopu dzuwa lili paliwombo n'kubwerera kunyumba osauza munthu. Analowera khomo la kuseri, mawu okalipa atawakonza kale. Mlamu anali mtulo pampando, kukamwa kuli yasa. Anagwira simbi: inali zii. Anaima pakati pa chipinda atasowa womukalipira. Kenako anamva malata akulira pamwamba.

Atatuluka anapeza makwerero atatsamira khoma. Pamwamba pake panali amuna ake, thukuta lili kamukamu, akuyala bulangete pamasola n'kumalikoka bwinobwino m'makona.

"Mwafulumiratu lero, mayi," anatero akupuma movutikira. "Tagwirani makwererowa. Dzuwa la masiku ano silikusewera. Ndikapanda kumawafunditsa chonchi masana alionse angapse, nanga mankhwala anga tidzasunga pati?"