Nkhanga ndi Mvula ya Chizimalupsa

Padangokhala, tili tonse.

Nkhanga ndi Nanzikambe ankalima minda yoyandikana, ndipo aliyense anangotsala ndi kansupa kamodzi ka mbewu ya chimanga. Tsiku lina, dzuwa litaswa mtengo kwa milungu yambiri, kunagwa chizimalupsa, kamvula kaja kamangozimitsa phulusa la kutchire.

"Achimwene, mvula ndi imeneyi," anatero Nkhanga. "Tione amene ayambe kudya mondokwa."

Nanzikambe anaponya diso limodzi kumitambo, lina pa utsi wa zinyalala zimene ankatentha.

"Utsiwu ukupitabe kumadzulo, achemwali. Mvula ya mlimi imabwera ndi mphepo ya mpoto. Utsi usanaloze kumwera, mbewu yanga situluka m'nsupa."

Nkhanga anadzala tsiku lomwelo. Chimanga chitamera, ankadutsa akuseka: "Ndi kayendedwe kanuko, mudzadzala anzanu akukolola." Ngakhale mkazi wa Nanzikambe anayamba kung'ung'udza, koma mwamunayo sanatekeseke. M'mawa uliwonse ankasonkha kamoto, n'kuyang'ana utsi, n'kubwerera kukakonza mizere.

Dzuwa linabweranso mwaukali, ndipo mmera wa Nkhanga unapserera wonse. Patapita milungu inayi, utsi unawerama kuloza kumwera. Nanzikambe anatsitsa nsupa, ndipo mvula inamupeza ali pamzere womaliza.

Nkhanga anafika atanyowa, mutu uli pansi. "Mundigawireko pang'ono, achimwene."

Nanzikambe anagwedeza nsupa, osamveka kanthu. "Yonse ili m'nthaka."

Mpaka lero, mvula ya mpoto ikangogwa, Nkhanga amafukula mapando a eni ake, kufunafuna mbewu imene anaipatsa dzuwa.