Galimoto Yofiira pa Njira ya Mayi Belu

Galimoto yofiira inawadutsa pafupi kwambiri moti galasi lake la m'mbali linawakhudza chigongono. Njinga inagwedera, thayala lakutsogolo n'kulowa m'ngalande. M'malo mopepesa, dalaivala analiza hutala, n'kutulutsa mutu pawindo.

"Msewu uno ndi wa galimoto! Kachitsulo kanuko kazikakwerani kubwalo la mpira!"

Wokwera njingayo anali telala wosoka mayunifomu a ana asukulu. Anthu ankangowatchula kuti Mayi Belu, chifukwa belu la njinga yawo ankaliza ngakhale popereka moni. Sanali munthu wandewu. Koma m'mawa umenewo mtima unawapsa. Anaipeza galimotoyo itaima pamaloboti, anaimika njinga kutsogolo kwake, n'kumenya boneti ndi chikhatho, phwaa! Zimene analankhula pamenepo, eniake sanazikumbukirenso. Chimene chinawakhala m'mutu ndi nkhope ya dalaivalayo: chibambo chandevu, chodzaza mpando wonse, chikuwayang'anitsitsa osaphethira.

Atafika kushopu, anakhala pamakina, koma ulusi unkakana kulowa m'singano.

"Sinthani njira, amayi a ana," anatero amuna awo atamva nkhaniyo kunyumba. "Mwamumenyera galimoto pamaso pa anthu. Anthu oterewa saiwala. Adzakupondani dala."

"Ndisinthe ine? Wolakwa ndani, abambo?"

"Kuchipatala safunsa kuti wolakwa ndani. Mukakana, njingayi ndiichotsa tcheni, muzikwera minibasi."

Minibasi ndiye Mayi Belu sankafuna n'kuimva komwe. Kukhala mopanikizana, thumba la wina lili pamiyendo pako, kondakitala akukuitana kuti agogo. Njinga ndiyo inawachiritsa mawondo, ndipo sinawachedwetsepo kuntchito. Anagonja.

Kutacha anasiya msewu waukulu, n'kulowera wa kumsika. Njirayo anaikonda. Amayi ogulitsa tomato ankawayankha belu ndi manja, ndipo wogulitsa malalanje anayamba kuwasungira okoma. Anafika podzifunsa kuti zaka zonsezi ankalimbiranji ndi utsi wa malole.

Chimwemwecho sichinakhalitse. M'mawa wina, akuzemba ngolo ya kabichi, anacheuka. Galimoto yofiira ija inali pambuyo pawo, ikuyenda pang'onopang'ono ngati ili pamaliro. Mpata wodutsa unalipo, koma sinadutse. Dalaivala anali atatsetsereka pampando, ndevu zokha zikuoneka pamwamba pa chiwongolero.

Mayi Belu anapalasa osacheukanso mpaka kushopu.

Sanawauze amuna awo, poopa za tcheni zija. Anangosintha njira mwakachetechete, n'kuyamba kudzera kuseri kwa sukulu ya sekondale. Kumeneko kunali chitunda chotulutsa thukuta, koma anati bola thukuta kusiyana ndi bandeji.

Sabata isanathe, anaipezanso. Inali itaima pakagolosale kapamwamba pa chitundacho. Chibambo chija chinali chitatsika, buledi ali m'manja. Chitangowaona, chinathamangira m'galimoto, n'kumenyetsa chitseko. Mayi Belu anatsika chitundacho osagwira mabuleki n'komwe, mpango ukuuluka kumbuyo.

"Akundisaka," anauza mnzawo wosoka naye, mawu ali pansi. "Kulikonse ndingadzere, iye ali komweko."

"Kanene kupolisi, mnzanga."

"Ndikanene kuti chiyani? Kuti munthu akugula buledi?"

Panatsala njira imodzi yokha: kanjira kafumbi kodutsa kuseri kwa nyumba zosungiramo katundu, pakati pa mipanda iwiri ya njerwa. Kanali ka maenje okhaokha. Munthu wokonda galimoto yake sakanailowetsa kumeneko. Mayi Belu analowamo akuimba kanyimbo, belu likulira lokha chifukwa cha mabampu.

Atangokhota pakona, nyimbo inathera pomwepo.

Galimoto yofiira inali itaima pamalo opapatiza penipeni. Kutsogolo kwake lole inali kutsitsa matumba a simenti, njira yonse yatsekeka. Otsitsa matumbawo anali mkati mwa mpanda. Panalibe wogulitsa tomato, panalibe mwana wasukulu, panalibe mboni.

Mayi Belu anaponda pansi. Anaganiza zobwerera. Kenako anaganiza za misewu yonse imene anaisiya, chitunda chija, bodza limene ankanena kunyumba pofika thukuta lili kamukamu. Akabwerera apa, mawa adzadzera kuti? Padenga?

"Chichitike chichitike," anadziuza.

Anakankha njinga mpaka pafupi ndi chitseko cha dalaivala. Nkhope anaiumitsa ngati mmene amachitira kasitomala akabweza diresi yosoka bwino. Anagogoda pagalasi ndi chala chimodzi.

Mkati munamveka kuti kha! Zitseko zonse zakiyidwa.

Anagogodanso.

Galasi linatsika pang'ono chabe, mpata wongokwana chala. Chibambo chija chinali chitakweza manja onse m'mwamba, thukuta likutsikira m'ndevu.

"Mayi, chonde, ndinalakwa, pepani," chinatero ndi mawu onjenjemera. "Msewu waukulu ndinakusiyirani tsiku lomwe lija. Wa kumsika ndinakusiyirani, wa kusukulu ndinakusiyirani. Mukundipeza bwanji kulikonse ndikuthawira?"