Mkanjo Wachikasu wa Yesu

"Mayi, tabwerani muone mmene chapsera," anatero Psalmet, akutulutsa m'ng'anjo chithunzi cha Mgonero wa Ambuye.

Kwa zaka makumi atatu, bamboyu ankajambula pa mkuwa ndi utoto wa ufa wa galasi mumzinda wa Limoges. Koma kuyambira 1549 maso ake anayamba kuchita chidima, ndipo ankadziwa ndi mkazi wake yekha, Peyronne. Ansembe omwe ankamugula zithunzi akanamva, ntchito ikanathera pomwepo. Utoto ankauzindikira ndi malo ake pathandala: wofiira kumanzere, wachikasu kumanja.

Peyronne atayang'ana, anakumbukira zimene anachita. Lolemba lapitalo anapukuta thandalalo, timiphika ta utoto n'kutibwezera mosemphanitsa. Yesu anali mumkanjo wachikasu, mtundu umene wojambula aliyense amaveka Yudasi, pomwe Yudasi anatchena wofiira. Galasi likapsa silifufutika.

"Bwanji duu? Kukongola kwakutsekani pakamwa?"

"Bambo, tadikirani kaye..."

Pakhomo panamveka odi. Anali wansembe, atabwera kudzatenga chithunzicho kuti akachiike paguwa.

Psalmet anamukokera kung'anjo monyadira. "Lowani, Abambo! Taonani kufiira kwa mkanjo wa Ambuye. Achinyamatawa angautulutse chonchi?"