Fomu Yodzazidwa Kale

Mlembi wa pa kiliniki ina anali ndi mnzake wa pa kauntala amene amapereka moni ndi manja awiri, maso ali pa tebulo lako. Choncho tsiku limene mlembiyo anaimitsidwa ntchito, sanavutike kufunsa kuti wamupereka ndani. Madandaulo anayi anali atabwera kudzera pa webusayiti, onse onena kuti amakalipira odwala. Abwana anati dzina la wodandaula saulula. Ngati ntchito akuifuna, alembe apilo pa webusayiti yomweyo Lachisanu lisanafike.

Masiku atatu anangokhala pabalaza. Sanalire. Tiyi ankazizira m'kapu, iye akuyang'ana khoma. Amuna ake ndiwo anasanduka mngelo: kuphika, kuchapa, kuperekeza ana kusukulu. Ankamuuza kuti mnzakeyo ndi njoka yoweta, anthu a kuntchito ndi otero, ndipo mwina Mulungu waona kuti zaka zisanu ndi zinayi zodzuka mbandakucha zakwana.

"Pumulani, mayi a ana. Nyumba ino yakhala ikukusowani."

Iye ankangogwedeza mutu.

Lachinayi m'mawa anayesa pa foni yake, tsambalo linakana kutseguka. Bambowo anali kubafa, akuimba mokweza. Laputopu yawo inali pa tebulo, yoyatsa. Anaikokera pafupi. Mawu anali atawakonza kale m'mutu: akana mlandu, kenako aulula zonse za mnzake uja, kuchedwa kwake, mafayilo a odwala amene amasowa m'manja mwake. Kumira amira, koma osati yekha.

Tsamba linatseguka osafunsa pasiwedi. Mabokosi a fomu anali odzaza kale, monga zimakhalira makina akamuzolowera munthu: dzina, nambala ya foni, adiresi ya nyumba yomweyo. Anaika chala pa batani lofufutira kuti alembepo zake, kenako anaima.

Dzinalo linali la amuna ake, munthu amene sanapondepo pa kilinikiyo. Pansi pake panalembedwa kuti: "Madandaulo amene munatumiza kale: 4." Dandaulo lachisanu linali lolembedwa theka.

Anawerenga mpaka pamene chiganizo chinathera. Apilo akalembera kwa achemwali ake, ana akawatengera kusukulu. Pamene madzi ankaleka kubafa, chikwama chake cha zovala chinali chitatsekedwa kale, chili pakhomo.