Abudu Anafufuta Mawu a Swadick

Panali munthu wina ku Mangochi kuno, mnyamata wojambula nyimbo, dzina lake Abudu. Nkhaniyi ndaimva ku sikelo kwa mayi amene amakhala nawo pafupi, ndiye musati ndapeka.

Abudu anali ndi situdiyo m'kachipinda ka kuseri kwa makolo ake. Munali laputopu yakale, maikolofoni imodzi ndi mathireyi a mazira okhomerera kukhoma. Ntchitoyi anaphunzira kwa a Bonface, bambo amene amajambula makwaya a ku Nkope. Iwo ankamuuza kuti, "Ukajambula munthu, mawu ake aiwisi usunge pa fulashi. Zokometsera uzithira pa kope. Aiwisiwo usamawakhudze."

Tsiku lina kunabwera mkulu wina wa ku Blantyre amene ankaika nyimbo pa loji ina ku Nkopola. Anamvera ntchito za Abudu n'kuseka.

"Aise, izi ndi za makwaya. Masiku ano mawu azinyezimira."

Anamuikira pulogalamu yobera, yaulere, yokhala ndi otochuni, chija chimawongola mawu a woimba mpaka kumveka ngati loboti. Koma inali yolemera. Nyimbo ikafika pakati pulogalamuyo inkauma, osayendanso, kenako n'kudzitseka yokha. Abudu anamuimbira foni mkulu uja.

"Vuto ndi laputopu yakoyo, ndi nkhalamba," anatero mkuluyo. "Ukathira zokometsera uzizimatiratu pa mawuwo, zikhale chinthu chimodzi. Aiwisiwo uzifufuta kuti ipume."

Abudu anayesa, ndipo pulogalamu ija inasiyadi kuuma. A Bonface atamva anakwera njinga kudzamuona.

"Iwe Abudu, mchere ukauthira mumphika umautolanso?"

"Aaa, madala, za kale izo. Inu pitirizani ndi makwaya anuwo."

A Bonface anangopukusa mutu n'kubwerera.

Ndiye panali msodzi wina wa ku Nkope, Swadick. Nsomba zitayamba kuvuta, anaganiza zopita ku Joni ngati anzake. Ankasiya mkazi wake Shakila ndi mwana wakhanda, Naima. Asananyamuke anafika kwa Abudu, mwana ali m'manja.

"Che Abudu, ine si woimba. Ndingofuna mundijambule kanyimbo kamene ndimamugonetsera uyu. Ndikakhalitsa kumeneko asadzandiiwale mawu."

Anaimba ndi mawu ake okhuthala, osasa pang'ono. Pakati pa nyimbo mwana anamukoka ndevu, iye n'kuseka, kenako n'kupitiriza.

"Yatha choncho, ingondipatsani," anatero Swadick.

"Choncho? Anthu andiseke? Ndisiyireni ndiikonze, ndidzawapatsa mayi a Naima. Mukadzaimva simudzakhulupirira kuti ndi inu."

Swadick ananyamuka. Abudu anakhalira nyimbo ija. Anadula pamene munthu anaseka. Anachotsa pamene ankapuma. Otochuni anaikweza mpaka pamapeto, n'kuwonjezera eko ndi ng'oma za pakompyuta. Pulogalamu inayamba kuuma. Iye anamata zonse pamodzi, aiwisi aja n'kufufuta.

Swadick ku Joni sanafike. Galimoto yawo inagubuduzika ku Mozambique, ndipo anamuika komweko. Shakila sanaone ngakhale thupi. Foni ya Swadick inatayika pangozipo, ndipo ya Shakila inali ya mabatani, yopanda mawu ake ngakhale amodzi.

Shakila anakhala eda, nthawi ija mkazi wamasiye sachoka pakhomo. Itatha, anabereka Naima n'kupita kwa Abudu.

"Ndabwera kudzatenga mawu a bambo ake a mwanayu."

Abudu anamupatsa mpando n'kutsegula sipika. Nyimbo inalira. Shakila anamvera mpaka pakati.

"Akuimbayu ndi ndani?"

"Ndi amuna anu, alamu."

"Ayi. Amuna anga mawu awo anali osasa. Anandiuza kuti mwana anawakoka ndevu, iwo n'kuseka. Pamenepo pali kuti?"

"Ndinadula, pankaononga nyimbo."

"Chabwino. Chotsani zonsezi, ndimve iwowo okha."

Abudu anayang'ana pansi. "Sizichoka."

"Simwathira ndinu? Chotsani."

"Ndinamata, alamu. Aiwisi aja ndinafufuta."

Abudu anathamangira kwa a Bonface ndi laputopu ija. Bambo aja anafufuza paliponse, kenako anaitseka.

"Miyezi yonseyi wakhala ukujambula anthu ena. Pamalo pamene panali mawu akewo pakhala kale nyimbo zina. Palibe chimene ndingachite, mwana wanga."

Abudu anayesanso kumuimbira foni mkulu wa ku Blantyre uja. Iye anangoti, "Nanga ine ndinadziwa kuti munthuyo amwalira?" n'kudula foni.

Shakila sanatukwane. Anangoti amuikire nyimboyo pa memore khadi ya mufoni, poti china panalibe. Ankamuikira Naima pogona n'kumamuuza kuti, "Awa ndi ababa ako." Iye mwini ankatuluka panja mpaka ithe.

Pano Naima wakula, akuyenda ndipo akuyankhula. Mayi amene anandiuzayu akuti anakumana nawo pamsika. Pa babashopu ina pankalira nyimbo ya mnyamata wina wa kunja, ya mawu a loboti omwewo. Mwana uja anaima, n'kukoka chitenje cha mayi ake, nkhope ili mwee.

"Amayi, imvani! Ababa!"

Anayenda pang'ono, minibasi inadutsa ikuliza nyimbo ina ya woimba winanso.

"Amayi, ababa akupita! Aimitseni!"

Phunziro: Anyamata a masitudiyo, munthu akakupatsani mawu ake, sungani aiwisi padera musanathire chilichonse, chifukwa simudziwa ngati adzabwerenso kudzaimba kachiwiri. Musataye malangizo a amene anakuphunzitsani ntchito chifukwa cha mlendo wongodutsa ndi pulogalamu yobera. Nanunso azimayi anzanga, mukajambulitsa munthu wanu, musachoke musanatenge mawu ake mmene alili. Tumizani uthengawu kwa aliyense amene ali ndi mwana kapena mlongo wojambula nyimbo, auwerenge asanafufute za wina.